Kodi ambulansi imapumula pa Sabata?

Loweruka lina m'mawa, kukuwaza kamvula kaja ka ku Mzuzu kosadziwa kukata, ndinali pakhonde ndi mdzukulu wanga wa Sitandade 5 tikumwa tiyi wa chinangwa. Mumsewu munkadutsa anthu a mpingo wa Seventh Day atatchena, Mabaibulo atawakulunga m'majumbo kuopa kunyowa. Posakhalitsa tinamva kulira kwa ambulansi, ili paliwiro kulowera ku Luwinga komwe kuli chipatala chachikulu cha Mzuzu Central. Mwanayo anaika kapu pansi n'kundiyang'ana.

"Agogo, nanga woyendetsa ambulansiyo atakhala wa Sabata? Aiimike mpaka dzuwa lilowe?"

Ndinaseka, koma funsoli si lachibwana. Akuluakulu a ndevu zoyera akhala akulisinkhasinkha kwa zaka zoposa 2,000, ndipo amene analifufuza mozama kuposa onse ndi Ayuda, eni ake oyamba a Sabata. Tiyeni ana inu, senderani kuno, timve zomwe anapeza.

Mawu akuti Sabata si achilendo pakamwa pathu. Timati "ndibwera sabata yamawa", ena Lamulungu amalitcha Lasabata. Koma gwero lake ndi Chiheberi, chinenero cha Ayuda, momwe amati Shabbat, kutanthauza kuleka kapena kusiya ntchito. Chichewa chathunso chinachita mwayi: tsiku lomwelo ife timalitcha Loweruka, tsiku loweruka ku ntchito.

Kwa Ayuda tsiku limayamba madzulo osati m'mawa. Choncho Sabata imalowa Lachisanu dzuwa likamapita kukagona. Kukatsala mphindi zochepa, mayi wa pakhomo amayatsa makandulo awiri, banja n'kukhala patebulo pomwe pali mikate iwiri yolukidwa ngati tsitsi. Sabata imatha Loweruka usiku, kumwamba kukaoneka nyenyezi zitatu. Kuno ku Mzuzu, ndi mitambo yathu ya mu Epulo, bwenzi ena akudikira nyenyezizo mpaka Lachiwiri! Mwamwayi masiku ano nthawi yake imakhala yolembedwa kale pakalendala.

Lamulo la m'Baibulo limati pa tsikuli munthu asagwire ntchito. Nanga ntchito n'chiyani? Kusenza mtolo wa nkhuni ndi ntchito, aliyense akuvomera. Nanga kuyatsa machesi, komwe sikutulutsa ndi thukuta lomwe? Aphunzitsi achiyuda, otchedwa arabi, anakhala pansi n'kuwerenga mitundu 39 ya ntchito. Mndandandawu uli m'buku lotchedwa Mishnah lomwe linasonkhanitsidwa cha m'ma 200, Yesu atabadwa kale. Mukaumva mudzaganiza kuti analemba ndi munthu wakumudzi kwanu: kulima, kufesa, kukolola, kupuntha, kupeta, kupera, kusefa ufa, kukanda, kuphika. Kenako kumeta nkhosa, kuluka, kusoka, kumanga mfundo ndi kumasula. Mulinso kulemba ngakhale zilembo ziwiri zokha, kufufuta, kumanga nyumba, kugumula, kuyatsa moto, kuuzimitsa, ndi kunyamula chinthu kuchokera m'nyumba kupita nacho kumsewu. Mukaonetsetsa, si nkhani ya kutopa ayi. Ndi nkhani ya kupanga ndi kusintha zinthu. Masiku asanu ndi limodzi munthu amaumba dziko ndi manja ake, tsiku lachisanu ndi chiwiri amalisiya momwe lilili.

Galimoto ndi foni kunalibe nthawi imeneyo, koma zitabwera arabi anaziyeza ndi muyeso womwewo. Mu injini mumapsa mafuta, ndiye kuliza galimoto kuli ngati kusonkha moto. Za magetsi nazonso, monga foni ndi babu, Ayuda osunga mwambo kwambiri sazikhudza pa Sabata. Si Ayuda onse amene amatsata zonsezi, koma amene amatsatawo amatsatadi.

Tsopano taganizani za woyendetsa ambulansi uja. Wayankha foni. Waliza injini. Wanyamula machira kuchokera m'nyumba kupita nawo kumsewu. Mnzake walemba dzina la wodwala pafomu. Malamulo angapo agwa pansi tiyi asanazizire! Ndiye lamulo lachiyuda limati chiyani za munthu wotereyu?

Limati: thamanga.

Koma yankho limeneli silinabwere mophweka. Cha m'ma 167 Yesu asanabadwe, mfumu ina yotchedwa Antiochus inaletsa Ayuda kutsata chipembedzo chawo. Ena anathawira kuchipululu n'kukabisala m'mapanga pamodzi ndi akazi, ana ndi ziweto. Asilikali a mfumu anali ochenjera, anadikira tsiku la Sabata n'kuwaukira. Anthu aja anakana kuponya ngakhale mwala umodzi, anakananso kutseka khomo la phanga, poopa kuswa Sabata. Anthu pafupifupi 1,000 anaphedwa tsiku limenelo. Wansembe wina wokalamba, Matatiyasi, atamva nkhaniyi analira kwambiri, ndipo iye ndi anzake anagwirizana kuti akadzawaputanso pa Sabata adzadziteteza. Anaona kuti aliyense akachita ngati a m'mapanga aja, sipadzatsala munthu wosunga Sabatayo. Amene kwanu muli ndi Baibulo la Akatolika, nkhaniyi mukaipeza m'buku loyamba la Amakabeo, mutu 2.

Patapita zaka, arabi analipatsa dzina lamuloli: pikuach nefesh. Nefesh ndi moyo wa munthu. Liwu loyambalo amalilumikiza ndi kufukula mulu wa zinthu zogumuka, chifukwa chitsanzo chawo chachikulu chinali cha nyumba yogwera munthu. Ana a ku Masasa ndi ku Chibavi kuno ku Mzuzu chitsanzo ichi simufuna kuchifotokozeredwa. Mvula ikagwa masiku angapo osalekeza, monga inachitira mu Epulo 2016, makoma a zidina zosawotcha amafewa n'kugwa usiku anthu ali mtulo.

Tinene kuti khoma lagwa Loweruka m'mawa. Kufukula ndi ntchito yoletsedwa. Koma Mishnah imati fukulani. Mwina simukudziwa ngati pansipo pali munthu kapena anatuluka kale? Fukulanibe. Simukudziwa ngati ali moyo? Fukulani. Simukudziwa ngati ndi wamtundu wanu kapena mlendo? Khasu lisaime. Ngakhale mutamupeza atavulala kwambiri moti mukuona kuti sakhalitsa, pitirizani, chifukwa ola limodzi la moyo nalonso ndi moyo. Apa ndi pomwe ine ndimapakonda kwambiri. Nthawi zambiri munthu akamakayika amaima. Lamuloli likuti pa nkhani ya moyo, kukayika komweko ndi chifukwa chokwanira chothamangira.

Maziko ake anawapeza m'buku la Levitiko, mutu 18 vesi 5, pomwe akunena kuti malamulo anaperekedwa kuti munthu akhale nawo ndi moyo. Arabi anati, mwamva? Ndi okhalira moyo, osati ofera. Mphunzitsi wina, Shimon ben Menasya, anawerengera ngati masamu: ukaswa Sabata imodzi lero n'kupulumutsa munthu, munthuyo adzasunga Masabata ambirimbiri m'tsogolo. Kutaya imodzi, kupeza mazana. Ngakhale wa Sitandade 2 angaone komwe kuli phindu.

M'buku lina lalikulu kuposa Mishnah, lotchedwa Talmud, muli zitsanzo za ana enieni. Mwana akagwera m'nyanja, ponya ukonde umuvuule, ngakhale ukondewo ukolenso nsomba. Mwana akagwera m'dzenje, gumula m'mphepete mwake umutulutse. Chitseko chikadzikhoma mwana wamng'ono ali yekha mkati, chithyole. Ndipo pa zonsezi amawonjezera chinthu chimodzi chodabwitsa: usapite kaye kukapempha chilolezo kwa akuluakulu a bwalo.

Ife kuno timakula tikumva kuti safunsa anadya phula. Ndi mwambi wabwino, ndipo nkhani ino ilipo chifukwa cha mwana wofunsa. Koma arabi anati ilipo nthawi imodzi yomwe kufunsa n'kulakwa. Munthu akumira, iwe n'kuthamangira kwa mphunzitsi kukafunsa ngati n'kololedwa kumuvuula pa Sabata, ukamabwerera ndi yankho upeza maliro. Anafika ponena kuti wofunsayo ali ngati wokhetsa magazi. Mphunzitsi wofunsidwayo naye sanamusiye: anati achite manyazi, chifukwa akanaphunzitsa anthu ake kalekale, ngozi isanagwe, sibwenzi wina akutaya nthawi ndi mafunso. Kufunsa kwake ndi lero, tili pakhonde ndi tiyi.

Zaka zoposa 800 zapitazo ku Egypt kunali rabi wotchuka dzina lake Maimonides, yemwe analinso dokotala wa kunyumba yachifumu. Anamwalira mu 1204. Iyeyu ankadziwa fungo la wodwala komanso fungo la mabuku. Polemba za nkhaniyi anatsindika kuti ntchito yopulumutsa moyo pa Sabata asamakankhire ana kapena antchito, ngati kuti ndi chinthu chochititsa manyazi chofunika kuchitira kuseri. Aigwire akuluakulu ndi anzeru omwe. Inu ana mbali yanu imvekenso bwino: mnzanu akagwera m'chitsime kapena m'dambo lodzaza madzi, musadumphiremo. Kuwani mokweza, itanani wamkulu amene ali pafupi, kaya ali pakati pa pemphero.

Pali kankhani kena mu Talmud komwe ndimakakumbukira m'mwezi wa Juni, chisanu cha ku Mzuzu chikamaluma zala. Akuti kunali mnyamata wosauka dzina lake Hillel. Ndalama yochepa yomwe ankapeza patsiku ankaigawa pawiri: theka la chakudya cha kunyumba, theka lolipira mlonda wa pakhomo la sukulu. Lachisanu lina sanapeze ganyu, mlonda n'kumubweza. Hillel sanapite kwawo. Anakwera padenga n'kugona pakawindo ka pamwamba kuti azimvera maphunziro chapatali. Usiku kunagwa chipale chofewa, chija choyera ngati ufa chomwe chimagwa kumaiko ozizira, n'kumukwirira. M'mawa wa Sabata aphunzitsi awiri, Shemaya ndi Avtalyon, anadabwa kuti m'chipindamo muli mdima. Atakweza maso anaona chithunzi cha munthu pawindo. Anakwera, anamufukula, anamusambitsa, anamudzoza mafuta n'kumukhazika pafupi ndi moto, osasamala kuti ndi Sabata. Mnyamata uja anadzakhala mmodzi mwa aphunzitsi akuluakulu m'mbiri yonse ya Ayuda. Masabata amene anasunga pambuyo pake, ndani angawawerenge?

Musaganize kuti chilolezochi n'cha chilichonse. Ndi cha moyo, osati cha katundu. Mwa lamulo lakale, moto ukamatentha katundu yekha popanda munthu aliyense pangozi, Myuda sauzimitsa pa Sabata. Koma mumzinda, momwe nyumba zili khoma ndi khoma ndipo mwina mkati muli gogo wosatha kuthawa, arabi amati moto uliwonse uutenge ngati woopseza moyo, imbira ozimitsa moto msanga. Mayi amene wayamba kumva zowawa za kubereka nayenso amawerengedwa kuti moyo wake uli pangozi. Galimoto ilizidwe, azamba aitanidwe.

Tsopano tafika pa funso lomwe linandigwira mtima ine, lomwe ngakhale mdzukulu wanga sanaliganizire. Kupita n'kololedwa. Nanga kubwerera?

Taganizani. Mzamba waitanidwa Lachisanu usiku kumudzi wakutali. Mwana wabadwa, walira, mayi ali bwino. Ngozi yatha. Koma Ayuda ali ndi malire a ulendo wa pa Sabata: munthu sapitirira mikono 2,000 kuchokera kumapeto kwa mudzi wake. Mkono ndi kuchokera pachigongono kufika kunsonga ya chala, ndiye mikono 2,000 ndi pafupifupi kilomita imodzi, ngati mabwalo a mpira khumi atandondozana. Wopitirira malirewa ankayenera kukhala pomwe wafikapo mpaka Sabata ithe. Ndiye mzamba uja akhale pamalo amodzi tsiku lonse ngati wamangidwa? Mtsogoleri wina wakale, Gamaliyeli Wamkulu, anati ayi. Mzamba, ndi aliyense wopita kukapulumutsa anthu ku moto, ku madzi osefukira kapena ku nyumba yogwa, aloledwe kuyenda momasuka ngati eni mudziwo. Arabi anaona patali. Anadziwa kuti munthu ndi munthu: ukamuvutitsa pobwerera lero, sabata yamawa akadzamva kugogoda pakhomo adzayamba wakanda mutu. Ndipo kukanda mutu kwa mphindi ziwiri kungathe kupha.

Funso lomweli linadzukanso m'nthawi ya magalimoto. M'zaka za m'ma 1960, ku Brooklyn mumzinda wa New York, Ayuda anayambitsa gulu la anthu ongodzipereka lotchedwa Hatzalah, kutanthauza kupulumutsa. Ndi anthu wamba, ena ogulitsa m'sitolo, ena aphunzitsi, koma ophunzitsidwa chithandizo choyamba. Pa Sabata amalowa m'sunagoge atakoleka kawailesi ka mauthenga m'chiuno. Kakangolira, munthu amatuluka pakati pa pemphero, n'kuliza galimoto, osapepesa aliyense. Gulu lotere liliponso ku Johannesburg, komwe kuli Ayuda ambiri kuposa mzinda wina uliwonse kuno kumwera kwa Africa. Amene muli ndi amalume ku Joni, mwina anaionapo ambulansi yawo.

Ndiye atamusiya wodwala kuchipatala, abwerere bwanji? Rabi Moshe Feinstein wa ku New York, yemwe anamwalira mu 1986, anawalola kuyendetsa galimoto kubwerera, pa chifukwa chomwe chija cha mzamba: asadzazengereze ulendo wina. Rabi Shlomo Zalman Auerbach wa ku Yerusalemu anaona mosiyana. Iye anati kuliza injini ngozi itatha n'kopyola, pokhapokha ngati munthuyo akufunikanso pa ngozi ina. Onse awiri anali akatswiri olemekezeka, ndipo mpaka lero ena amatsata uyu, ena uyo. M'malo ambiri anapeza njira yapakati, yolemba dalaivala amene si Myuda kuti aziwabweza kunyumba. Mukandifunsa ine, ndili kumbali ya Feinstein. Ndinakhalapo pabenchi ya chipatala usiku ndi mwana wotentha thupi, maso ali pakhomo kudikira dokotala. Sindikanafuna kuti dokotalayo azichedwa kunyumba kwake akuwerengera za ulendo wobwerera. Koma taonani chinthu chimodzi: awiriwa anatsutsana za kubwerera kokha. Za kupita sanatsutsane ndi pang'ono pomwe.

M'zipatala za Ayuda osunga mwambo, monga Shaare Zedek ku Yerusalemu chomwe chinatsegulidwa mu 1902, amasiyanitsa zinthu ziwiri. Zachangu amachita mwachangu, monga tsiku lina lililonse, kwa wodwala aliyense, Myuda kapena ayi. Zomwe zingathe kudikira, zimadikira. Pakati pa ziwirizi pali tinzeru tosangalatsa. Kuli zikepe zomwe pa Sabata zimayenda zokha n'kumaima pansanjika iliyonse, kuti munthu asadine batani. Bungwe lina la ku Israel lotchedwa Zomet linapanga cholembera cha inki yomwe imazimirira pakapita masiku ochepa, chifukwa kulemba koletsedwa kwambiri ndi kuja kokhalitsa. Dokotala amalemba nacho Loweruka, Sabata ikatha zolembazo amazijambula zisanafufutike. Ena, ngati palibe changu, amalemba ndi dzanja lamanzere, chifukwa kulemba mosazolowereka kotere si koletsedwa kwambiri ngati kulemba kwa masiku onse. Cholembera cha inki yozimirira chija ndikudziwa ena a inu mukuchisirira kale, cholembera mayeso a masamu.

Kuno ku Malawi Ayuda ndi ochepa kwambiri, koma osunga Loweruka ndi ambiri, ndipo anayamba kale. Mmishonale Joseph Booth anatsegula mishoni ya Plainfield ku Thyolo mothandizidwa ndi a Seventh Day Baptist. Mu 1902, chaka chomwe chija cha Shaare Zedek, malowo anagulidwa ndi a Seventh-day Adventist, ndipo pambuyo pake anawatcha Malamulo. Kuno kumpoto, Charles Domingo, yemwe anaphunzira ku Livingstonia, ankatsogolera mipingo yosunga Sabata m'boma la Mzimba cha m'ma 1910. A Adventist si Ayuda, ndi Akhristu, ndipo satsata mndandanda uja wa ntchito 39. Amakwera minibasi kupita kutchalitchi, amayatsa magetsi. Koma Sabata yawo nayo imayamba Lachisanu dzuwa likalowa, ndipo funso la mdzukulu wanga limawapezanso. Yankho lawo amalitenga kwa Yesu, yemwe anachiritsa odwala pa Sabata ndipo anafunsa omutsutsa ngati angasiye nkhosa yawo m'dzenje chifukwa cha tsikulo. N'chifukwa chake chipatala cha Malamulo ku Makwasa, ngakhale dzina lake likunena za malamulo, sichithamangitsa odwala Loweruka. Za muofesi ndi opaleshoni yomwe ingathe kudikira amazisiyira tsiku lina, koma wovulala pangozi ndi mayi woyembekezera amalandiridwa, ndipo anamwino amakhala ali m'mawodi usana ndi usiku.

Ndinafotokoza zonsezi mpaka tiyi anazizira, chinangwa n'kuuma. Mdzukulu wanga anali chete, chala chili pakamwa, akuyang'ana kumsewu. Kamvula kanali kakuwazabe. Kenako ambulansi ija inatulukiranso, ikuchokera ku Luwinga, ulendo uno ikuyenda pang'onopang'ono, yosalira, ikuzemba maenje a madzi.

"Agogo, uyo akubwerera," anatero akuloza. "Agogo aja a ku New York akanamulola. Koma a ku Yerusalemu bwenzi atamuuza kuti atsike akwere kabaza."

"Kabaza wake wopalasa ndani?"

Anaganiza pang'ono. "Wopemphera Lamulungu."

Anatola makapu onse awiri n'kulowa nawo kukhitchini.